Anamuperekeza Okha Kupolisi

Aphunzitsi anali ndi matenda amodzi: mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwawo ankamuonabe ngati wa kabudula. N'chifukwa chake wapolisi wina atafika pakhomo n'kuvula chipewa, iwo sanaone yunifolomu. Anaona kamnyamata kamamina kamene ankakakhazika kutsogolo chifukwa cha vuto la maso.

"Aphunzitsi, sindikubisirani, tikufuna mlongo wanu," anatero wapolisiyo. "Mafunso okha basi. Akabwera yekha, madzulo ali panyumba."

Mlongo wawoyo anali m'chipinda chosungira katundu, pakati pa njinga yakufa ndi makatoni a mabuku. Anabisala mmenemo anzake a chipani chotsutsa atayamba kugwidwa mmodzimmodzi. Wapolisi atachoka, Aphunzitsi anakafotokoza uthengawo. Mkazi wa mlongo wawo, amene anali atabwera ndi chakudya, anadumpha.

"Alamu, musayerekeze! Mwa onse amene anapita kukayankha mafunso, mwaonapo ndani atabwerako?"

"Mwana uja ndinamuphunzitsa ndine. Sangandinamize."

Anakakamira monga ankachitira m'kalasi, mpaka onse anatopa nawo. Anamusitira malaya mlongo wawo, n'kumuperekeza okha mpaka pakauntala ya polisi, akumuuza m'njira kuti munthu wosalakwa sathawa. Chitseko chamkati chinatsekedwa, ndipo iwo anakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Mafunso aja anasanduka mlandu wootcha basi ya boma pa tsiku la zionetsero. Tsiku limenelo mlongo wawoyo anali padenga la Aphunzitsi, akumata malata odontha. Iwo anakanena zimenezi m'khoti, koma loya wa boma anangoseka.

"Mayi, ndani angalephere kuikira kumbuyo mlongo wake?"

Mboni za boma zinali anyamata amene analephera ngakhale kumuloza, mpaka wina anachita kuwasonyeza ndi chibwano. Woweruza sanaone vuto. Anawerenga zaka za kundende osadzutsa mutu, ndipo wapolisi uja, ataima pakhomo, ankangoyang'ana nsapato zake.

Aphunzitsi anatuluka mtima ukuwawa, manyazi atawagwira. Analakalaka mlamu wawo atawatukwana, mwina akanapepukidwa. Panja, kamwana kakakazi ka mlongo wawo kanawathamangira n'kuwagwira dzanja monga mwa nthawi zonse. Mayi ake anafika, maso ali gwa, n'kukamasula zala pang'onopang'ono.

"Bwera kuno iwe," anatero chapansipansi. "Azakhali ako angakuperekezenso."