Mtengo wa Pitala

Nkhwangwa inayamba kulira pa nazale ya malemu a Bartholomeo Zenengeya ku Mtakataka Lachiwiri m'mawa, mwana wawo Veronica ali kuchitsime kotunga madzi othirira mbande. Pobwerako anapeza mtengo umodzi wa mango uli pansi, nthambi zake zitatseka njira. Pa mitengo isanu ikuluikulu ya panazalepo inatsala inayi. Mchimwene wake Pitala, yemwe anafika dzulo lake kuchokera ku Lilongwe, anali akulozera aganyu awiri mtengo wachiwiri.

"Achimwene, mukutani?" anafunsa Veronica akutula ndowa.

"Nkhuni za uvuni, mlongo wanga. Patha chaka bambo ali pansi pa mulu wa dothi. Tiwotcha njerwa, tiwamangire chiliza cha mpanda, choti aliyense wolowa kumanda aziyamba waona icho."

Pitala sanali munthu woipa. Ankawakonda bambo ake, ndipo zinkamuwawa kuti tsiku lomwe anamwalira iye anali kutali. Kungoti za mitengo sankazidziwa. Kuyambira ali mwana, kheni yothirira ankaithawa ngati ili ndi minga, ndipo bambo ake ankangoseka n'kumusiya ndi mabuku ake.

A Bartholomeo sukulu analekezera Sitandade 5. Ali mnyamata ankagwira ganyu yothirira m'dimba la munthu wina ku Mua, ndipo kumeneko ndi kumene anaonera kumezanitsa mitengo: kudula kanthambi ka mango abwino, kukalumikiza pa mbande ya mango wamba, n'kumanga ndi kapepala ka pulasitiki. Anaonera mpaka manja anagwira. Anayamba ndi kampeni kamodzi ndi njinga yobwereka, n'kumapalasa mpaka kumsika wa Golomoti mbande zili m'dengu. Anthu ankawaseka. Ndani angagule mtengo wa mango kudera kumene mango amawolera pansi? Koma mitengo yawo itayamba kubereka pa zaka zitatu zokha, mango ake akuluakulu opanda ulusi, osekawo anayamba kubwera okha ndi ngolo. Nyumba ya malata, njinga yamoto ndi sukulu ya ana asanu, zonse zinachokera pa tinthambi ta mitengo isanu ija.

Pa chitsa chatsopanocho panali patakhala a Andrew, mng'ono wa malemu, omwe ndiwo anabweretsa nzeru ya uvuni. Bambo amenewa nkhani za maliro ndi ziliza ankazidziwa bwino kuposa za khasu.

"Mwanawe, usamasokoneze amuna pantchito," anatero a Andrew. "Anthu akutinena m'mudzi muno. Akuti ana ophunzira alephera kulemekeza bambo awo. Mitengo imaphukanso, koma manyazi satha."

Veronica anatenga foni n'kuimbira mayi Idah, mlangizi wa zaulimi amene anagwira ntchito ndi bambo ake zaka zambiri. Kenako anakaima chotsamira mtengo wachiwiri uja, manja atapinda. Aganyu anayang'anana n'kuika nkhwangwa pansi, poti ganyu yodula munthu sanapangane.

Mayi Idah anafika pa njinga yamoto dzuwa lisanakwere. Atapereka moni anapempha a Andrew kuti adzuke kaye, ndipo anagwada pachitsapo n'kuchiyang'ana. Kenako anapita pa thunthu logwalo n'kumuitana Pitala.

"A Pitala, tagwirani apa. Mukumva potupa pozungulirapa?"

"Ndikumva, mayi."

"Apa ndi pomwe bambo anu analumikiza. Kuchokera apa kupita kumwamba ndi mango abwino aja. Kuchokera apa kutsika ndi mango wamba. Inu mwadula m'munsi. A Andrew akunena zoona kuti chitsachi chiphuka, koma chidzakupatsani timango taulusi tomwe tadzadza m'midzimu. Ndipo mtundu umene mwagwetsawu bambo anu anakautenga kutali, ndipo panazale pano unali umodzi wokhawu. Mukagwetsa inayi yatsalayi, mbande zonse zili m'machubu a pulasitikiwa zisowa chozimezanitsa nacho. Nazale ithera pomwepo, ndipo mayi anu ndi mlongo wanuyu amadya za pano."

"Ndiye bambo akhale opanda chiliza?" anafunsa Pitala, mawu atayamba kuuma.

"Ndani wakana chiliza? Amaumba mabuloko a simenti pa Golomoti pompa, safuna nkhuni. Mangani chomwe mungathe. Koma musagwetse zimene munthu anamanga ali moyo pofuna kumumangira atafa."

Nthawi yonseyi mayi Dorica, mkazi wa malemu, anali pakhonde. Mwana wawo atawauza za uvuni analephera kumukaniza, poopa kuti anthu anganene kuti akuumira mwamuna wawo chiliza. Tsopano anadzuka n'kubwera pang'onopang'ono, ndipo anaika dzanja pa thunthu lija.

"Pitala, mitengoyi ili ndi mayina," anatero. "Bambo ako ankamezanitsa mtengo umodzi mwana akabadwa. Mayinawo ankatchula tikakhala awiri basi. Uwo waimapo mlongo wakowo ndi Veronica. Uwu wagwawu ndi Pitala."

Pitala anayang'ana thunthu lija, mayi ake n'kupitiriza.

"Ndalama za mbande zochokera mu mtengo uwu sitinkagulira ngakhale mchere. Zinali za sukulu yako, kuyambira yunifolomu yoyamba mpaka kukoleji. Chaka chomwe unadwala malungo uli ku sekondale, anakweza mbande zake panjinga m'bandakucha, anakagulitsa, n'kupitirira kudzakuona atanyamula nsomba zouma. Ndinkawauza kuti akuuze. Ankati ayi, mwana asamaphunzire ndi mtolo pamutu."

Pitala anakhala pansi pa dothi, thalauza la kutauni lomwelo, n'kulira. Analira mosabisa, aganyu akuona. A Andrew anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sanazitsekulire, ndipo anatsazika.

Mayi Idah anamusiya alire pang'ono, kenako anayang'ana dzuwa. "Dzukani, a Pitala. Mtengowu sunafe wonse. Nsonga za nthambizi zikadali zaziwisi, koma zikawombedwa ndi dzuwa la Mtakataka mpaka masana, ndiye basi. Veronica, nyowetsa masaka."

Anagwira ntchito tsiku lonse pamthunzi wa mitengo inayi ija. Ankadula nsonga, kuchotsa masamba, n'kuzikulunga m'masaka onyowa. Veronica anatulutsa kampeni ka bambo awo, kogwirira kake katasalala ndi thukuta la zaka zambiri, n'kumuphunzitsa mchimwene wake kusema kanthambi mbali ziwiri, kung'amba mbande pakati, kulowetsa ndi kumanga. Munthu wa madigiri anawononga tinthambi tingapo n'kudzicheka chala, mlongo wake akumuseka. Koma pofika madzulo nayenso anali ndi mzere wake wa mbande zomezanitsa.

Chiliza anachimanga mwezi wotsatira, chaching'ono, cha mabuloko, chopakidwa laimu. Ena ananena, monga amanenera anthu, ndipo sabata isanathe anapeza nkhani ina. Ngolo za ogula mbande sizinasiye kubwera.

Mvula itagwa, Pitala anabweranso kumudzi. Mu mzere wake zambiri zinali zitauma, koma zitatu zinagwira, timasamba take tofiirira tikuwala. Anasankha imodzi, anakumba dzenje pafupi ndi chitsa chija, n'kuidzala ndi manja ake. Atamaliza anafunsa kuti idzayamba liti kubereka.

"Zaka zitatu, ukamaithirira," anayankha mayi Dorica. "Usadandaule. Bambo ako anakudikira iwe zaka makumi awiri, ndipo sindinawamvepo akuti watenga nthawi."

Pitala anatenga kheni ija ankaithawa ali mwana, n'kulowera kuchitsime.

Phunziro: Kholo limene linayamba popanda kanthu n'kulera ana ndi manja ake timalilemekeza posamala ntchito imene linasiya. Chiliza n'chabwino, koma chisadye chomwe chikudyetsa amoyo. Tisanagulitse, kugwetsa kapena kugawana zimene makolo anasiya, tiyambe tafunsa amene ankagwira nawo ntchito, ndipo makolo nawo aziwafotokozera ana awo akadali moyo.