Penti Pamwamba pa Phula

"Pentiyu wakana kuuma," anatero a Overtone, akuyang'ana chala chawo chomwe chinali chitada.

Panali patatha masiku asanu chiikireni m'manda a Fraser, amuna ake a Bibiana, ndipo bwato lawo linali litatembenuzidwa pansi pa mtengo wa mango. Kwa zaka khumi ndi ziwiri bwatolo linkaolotsa anthu opita kuchipatala cha Milepa dambo likadzaza, ndipo ndilo linkadyetsa banjalo. Tsopano a Overtone, akulu awo a malemu, anati katundu wa m'bale wawo ndi wa kwawo. Anali atapangana kale ndi msodzi wa ku Chilwa kuti adzalitenge Loweruka pangolo.

Kuti lioneke latsopano, anagula penti wamafuta wobiriwira ku Limbe n'kupaka pamwamba pa phula lakale. Tsiku loyamba linkanyezimira moti anthu odutsa ankaima. Tsiku lachitatu penti uja anachita makwinya ngati khungu la nkhalamba, phula likutulukira m'madontho akuda, ntchentche zitamatirira pomwepo.

"Alamu, mwalichita chiyani bwatoli?" anafunsa a Overtone.

"Ine? Burashi munagwira ndinu."

"Anthu akunena kuti malemu akwiya."

Bibiana anafuna kuseka, koma mtima unali kumuwawa. Anthu a pamudzi, penti akangolakwika, amathamangira kumanda.

"Si malemu. Penti wamafuta sagwirizana ndi phula. Amalisungunula, phulalo n'kumulepheretsa kuuma. Pa phula pamapita phula basi. Mukaliika m'madzi chonchi, penti adzasendeka pamodzi ndi phula la m'mipata, madzi n'kulowa."

"Ndiye mumadziwa, koma n'kungondiyang'ana?"

"Munandifunsa, alamu? Chibwerereni mwangofunsa kumene kuli zopalasira."

A Overtone anakhala pa chitsa, atatambasula mwendo wawo umene unali wopuwala. Msodzi sakanagula bwato lomata chonchi. Anapempha chapansipansi kuti awathandize, ndipo Bibiana anavomera ngakhale ankadziwa kuti akukonzera mwiniwake watsopano. Sakanapirira kuona ntchito ya amuna ake ili m'manyazi otere.

Onse awiri anapala masiku awiri ndi zikwanje zakutha. Lachisanu Bibiana anatenthetsa phula m'chidebe chimene a Fraser anasiya, napaka kunja konse mpaka m'mipata ya matabwa. Litauma analitembenuza, iye napaka m'kati. Kenaka anatapa mchenga wosefa m'lichero n'kuyamba kuwaza pa phula lamadzimadzilo, kumbali yokwerera.

"Mukuliwononganso. Wogula aona ngati dothi."

"Malemu ankatero chaka chilichonse."

"Chifukwa chiyani?"

Bibiana anaima, mchenga uli m'manja.

"Chaka choyamba chija munabwera kudzationa, munaterereka pokwera, n'kugwa anthu akuona. Anthu anaseka. Amuna anga sanadye tsiku limenelo. Anati achimwene asadzagwenso m'bwato langa." Anawaza mchenga uja. "Simunabwerenso, koma mchenga sanasiye kuthira."

Kumsewu kunkadutsa njinga, wina akuimba belu.

"Ngolo ija mukaiona mawa, muiuze ibwerere," anatero a Overtone.

Anadzuka movutikira, natsamira m'mphepete mwa bwato. Anatambasula dzanja, Bibiana nawapatsa lichero, ndipo iwo anawaza mchenga pamene panali patatsala.