Asazizidwe

1.
Fwii. Fwii. Chifuwa cha Fatsani, mwana wosakwana chaka, chikulira ngati kamphaka kotsekeredwa m'dengu. Eneresi, mayi wake, wangokhala duu pabenchi ya chipatala. Mantha anatha dzulo, chatsala ndi dzanzi.

2.
Namwino akufunsa, maso ali pa nthiti za mwana zimene zikulowa m'kati.
Anabadwa masiku atakwana, mayi? Eya.
Akuyamwa? Eya.
Kumtundu kuli wa mphumu? Ayi.
Pakhomo pali wosuta?
M'nyumba mwanga ayi, asisitala!
Apo pokha ndiye mawu atuluka ndi mphamvu.

3.
Nanga si nkhondo yake anaimenya? Juni wa ku Dedza, chisanu cholowa m'mafupa, koma a Lifeyo, amuna ake, ndudu yawo ankakasutira kuseri kwa bafa, mano ali gwedegwede. Amake Fatsani, mukufuna ndifere panja? Ferani konko, bola mwana wanga.

4.
Asazizidwe, anatero apongozi. Asazizidwe, anatero azimayi pamjigo, chibayo chimalowa ndi mphepo.

5.
Ndiye Fatsani atangoyamba chimfine Eneresi anatseka zenera natseka kabowo kapamwamba ndi sanza nayala thumba pansi pa chitseko nalowetsa mbaula m'chipinda, makala akuvuta kuyaka naikapo jumbo kuti agwire msanga, nasendeza mphasa pafupi, pafupi ndithu, mwana akatsokomola iye kuwonjezera makala, akatsokomolanso kuwonjezeranso, mayi wosamala ameneyu, mayi woti mudzi wonse umuyamikire

6.
Shawelo. Juzi. Kajuzi kena. Chipewa. Namwino akumuvula mwanayo chimodzichimodzi, kenaka waima. Wanunkhiza chipewacho.
Mwati palibe wosuta?
Palibe.
Nanga utsiwu?
Eneresi wanunkhiza nayenso. Palibe chimene akumva. Fungo la mwana wake basi.
Ndi mbaula chabe, asisitala. Asazizidwe.
Namwino sanakalipe. Bola akanakalipa. Wangoti, mapapo ake ndi ang'ono, mayi, sasiyanitsa fodya ndi makala.

7.
M'wodi. Timachubu m'mphuno mwa Fatsani. Fwii. A Lifeyo aima pakhomo atanyamula bulangete, akuopa kulowa poti malaya awo akununkha fodya.
Ndi fodya wanga, eti? Ndiuzeni, amake Fatsani. Ndasiya ine, sindidzasutanso.
Eneresi wakweza maso. Pamwamba pa bedi zenera lili pululu, mphepo ya ku Dedza ikulowa mmene ikufunira, ikukhudza mutu wa mwana wopanda chipewa. Dzanja lake lanyamuka lokha kuti likatseke.
Laima m'malere.