Odi wa Pampando

Laputopu ya malemu Ursula inkayaka bwinobwino, kenako sikirini n'kuda bii. Fani yokha ndiyo inkamveka kupuma m'katimo. Kenny, mlongo wake wa Ursula, anali atainyamula mpaka ku Limbe, koma wokonza uja anangoti, "Bwana, tifufute zonse tiyambirenso." Kenny anangoibwezera m'chikwama.

Kufufuta chiyani? M'menemo munali nyimbo imene Ursula anadzijambula akuimba matenda asanamugwetse. Loweruka kunali kuvundukula chiliza chake, ndipo mayi awo sanapemphe maluwa kapena nsalu. Anangoti akufuna kumva mwana wawo.

Mankhwala ake Kenny anali atawapeza pafoni. Anali mawu amodzi okha, nomodeset, ouza kenelo, mtima wa makinawo, kuti isalimbane ndi sikirini. Choncho laputopu ikada, iye ankalemba mawuwo mumdimamo mongopapasa, n'kudina Enter. Zii. Ankazimitsa, kuyatsa, kulembanso. Ursula ndiye ankazidziwa zinthuzi, ndipo anapita nazo osasiya ndi fungulo lomwe. Kenny ankamukwiyira, kenako n'kuchita manyazi ndi mkwiyowo.

Lachisanu masana a Sidiki, neba wawo ku Soche kuno, dalaivala wa minibasi, anabwera kudzanena za galimoto ya kumanda. Analowa, kukhala pasofa, kuvula chipewa, ndiye n'kukumbukira.

"Odi kuno!"

"Iii, a Sidiki," anatero mayi, "odi wa pampando? Mwalowa kale. Ndikanakhala ndikuvala bwanji?"

"Pepani mayi, tinazolowera kukweza anthu galimoto ikuyenda."

"Kuno si ku depoti. Munthu amalankhula ali pakhomo."

Zala za Kenny zinaima. Masiku onsewa ankauza kenelo itadzuka kale, italowa, itagwira sikirini n'kuithimitsa. Mawu anali olondola, koma ankafika mochedwa.

Anazimitsa. Poyatsa anakanikiza Shift osaisiya, mpaka panatuluka timizere toyera tomwe anali asanationepo. Anadina chilembo cha e, n'kupeza mzere umene makina amawerenga asanadzutse kenelo. Kumapeto kwake analemba mawu aja, chilembo chimodzichimodzi, n'kudina F10.

Zilembo zinathamanga. Sikirini inaphethira, n'kuda.

Kenako kunawala. Panali chithunzi cha Ursula atavala yunifolomu ya kwaya, akutulutsira kamera lilime.

"Yayaka! Amayi, yayaka!" Anadumpha mpaka kugunda tebulo ndi bondo. "Ndaigwira, a Sidiki! Ndaigwira isanadzuke!"

"Mwagwira ndani, achimwene?"

"Dikirani mumve!"

Nyimbo ija anaipeza pamwamba penipeni pa sikirini. Poyamba panamveka phokoso la mpando, kenako mawu aja a Ursula, athanzi, opanda chifuwa.

"Kenny, tachepetsa wailesiyo, iwe! Ena tili ndi luso kuno."

Mayi anagwira pakamwa. Ursula anakonza kukhosi n'kuyamba kuimba, mokweza kwambiri monga mwa nthawi zonse. A Sidiki anatsitsa maso, chipewa chili pabondo. Ndime yoyamba isanathe, mayi anaimirira pakati pa balaza n'kululutira, misozi ikutsikira m'chibwano, mpaka ana a kuseri anathamangira pawindo.

"Bwezera," anatero. "Kuyambira pamene akukukalipirapo."

Kenny anapukuta m'maso ndi mkono, akuseka, n'kubwezera.