Buledi Wagwa Pageti pa a Tursunboy

Njinga ya Mohira inalowa kwa apongozi ake tsiku la ukwati, pamodzi ndi mabulangete ndi mbale, ndipo tsiku lomwelo inamangidwa tcheni kuseri kwa nyumba, pansi pa mpesa. Kiyi anasunga ndi apongozi ake aakazi, mayi Mastura.

"Mtengwa wa pakhomo pano azikapalasa njinga ngati wogulitsa masamba? Ayi ndithu, atiseka mpaka kumanda," anatero mayiwo.

Mohira anangoti, "Chabwino amayi," koma mumtima zinkamuwawa. Njingayo ndi imene inkamufikitsa kuchipatala komwe ankagwira ntchito ya unamwino. Tchuthi cha ukwati chinali pafupi kutha, ndipo basi za mumzinda wa Tashkent m'mawa zimayenda ngati bilimankhwe. Chopweteketsa mutu n'chakuti khonsolo inali itangopaka kumene kanjira kobiriwira ka njinga, kodutsa pageti pawo penipeni. Atadandaulira mwamuna wake, mwamunayo anangokanda m'mutu n'kuti, "Tidikire kaye."

Kanjirako kanali katayambanitsa dera lonse. Apongozi ake aamuna, a Tursunboy, oyendetsa takisi, ankaimika galimoto yawo pobiriwira pomwepo mwadala. "Ine ndinayamba kuimika pano penti ameneyu asanabadwe," ankatero. Ndiye anjinga ankakwera moyenda anthu, oyenda pansi n'kumatukwana anjinga, anjinga n'kumatukwana agalimoto. Mayi Holida, neba wawo woyendera ndodo, ankatukwana onse mosasankha.

Mtengwa watsopano ntchito yake n'njodziwika: kulawirira kusesa pageti, kuwaza madzi kuti fumbi ligone, ndi kuweramira aliyense wodutsa, dzanja lili pachifuwa. Kale odutsawo ankayenda pansi, umawerama kamodzi n'kupuma. Koma anjinga! Ukamati uweramuke, wina waliza kale belu. Msana wa Mohira unkachita kulira.

M'mawa wina mayi Mastura anasuzumira pazenera. "Musaumire madzi, mtengwa! Mukufuna a Holida azinena kuti kwathu kuno madzi timayeza ndi sipuni?"

"Amayi, kungoti papentipa pakanyowa..."

"Thirani!"

Anathira, akudziwa bwinobwino kuti penti wonyowa amaterera ngati therere.

Posakhalitsa anatulukira a Ergash, ophika buledi, ali panjinga, dengu lalikulu lili pakaliyala. Ankathamangira kuukwati wina kumunsi kwa msewu, kumene azibambo amadya mpunga dzuwa likamatuluka. Anakhota kuti azembe galimoto ya a Tursunboy, tayala lakutsogolo n'kuponda ponyowa paja. Khuu! Dengu linatseguka, buledi wobulungira uja n'kuyamba kugubuduka, wina kunsi kwa galimoto, wina pakati pa msewu.

Pamwambo wa kuno, buledi sapondedwa, salumphidwanso. Galimoto zonse zinaima nthawi imodzi, ngakhale woyendetsa basi anatsika. Aliyense anawerama, kutola buledi, kumupsompsona, kumugunditsa pachipumi, n'kukamusanjika pakhoma kuti mbalame zidye. A Tursunboy, amene anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, anapezeka atagona chafufumimba kunsi kwa galimoto yawo. Mayi Holida anagwirizana dengu ndi wanjinga wina yemwe dzulo lake anamuloza ndi ndodo. Kwa kanthawi msewu wonse unali zii.

Buledi womaliza atangotoledwa, mkangano unayambiranso pomwe unalekera.

"Ndi chigalimoto chanuchi!" anakuwa wanjinga uja.

"Ndi liwiro lanulo, mumathamangira maliro a ndani?" anabweza a Tursunboy, akusasa fumbi pamimba.

"Nanga madziwa anagwa kumwamba?" anafunsa mayi Holida, maso ali pa ndowa. "Kalanga ine, buledi kugwa pageti pa anthu! Imeneyi adzaimva ndi adzukulu."

Mohira anachita mantha. Anali atagwada kumanga dzanja la a Ergash ndi mpango wake, poti linali litayamba kutupa, ndipo ankangodikira mawu amodzi kuchokera kwa apongozi: wathira ndi mtengwa. Akanati atuluke mawu amenewo, njinga yake ija ikanachita dzimbiri pampesa pomwepo. Mayi Mastura anaima pageti, milomo ili yotseka, makutu atafiira.

A Ergash sankadandaula za dzanja. Buledi wambiri anali atatsala m'dengu, wokutidwa bwino ndi nsalu, koma tayala la njinga yawo linali litapindika. "Anthu akhala kale pansi kumeneko," anatero ali pafupi kulira. "Mpunga wa ukwati wopanda buledi, ine nkhope ndikaiika pati?"

"Lowetsani dengulo m'galimoto," anatero a Tursunboy modzitama. Kenako anayang'ana msewu. Galimoto zinali zitathithikana mpaka pomwe maso amalekezera, mahutala akulira. Malo okhawo opanda kanthu anali kanjira kobiriwira kaja.

Mayi Mastura analowa m'nyumba. Atatulukanso, ankakankha njinga ya Mohira.

"Buledi wagwera pakhomo pathu, akatula ndi a pakhomo pano," anatero. "Kwerani, mtengwa. Ndipo inu, bambo a ana, chibokosi chanuchi chilowe mumpanda. Mwatichititsa manyazi okwanira."

A Tursunboy analowa m'galimoto n'kuilowetsa mumpanda.

Anamumangira dengu pakaliyala, Mohira n'kukwinya diresi lake lonyezimira la utengwa, uyo wapita. Mphepo itamuwomba kumaso anasangalala mpaka kufuna kuimba. Komabe chizolowezi sichichedwa kumera mizu: ali pachishalo pomwepo ankaweramira aliyense amene ankamudutsa.

"Yang'anani kutsogolo, mwana inu!" anakuwa mayi Holida. "Moniyo tilandira mawa!"

Buledi anafika akadali wofunda.

M'mawa mwake Mohira anadzuka mtima uli m'mwamba. Zadzulo zinali zangozi, ndipo ngozi ikatha tcheni chimabwerera pamalo pake. Anapita kuseri kwa nyumba, pampesa panalibe kanthu. Njingayo anakaipeza pageti, itatsamira khoma, yopukutidwa. Pambali pake panaima mayi Mastura, ndowa ili m'manja.

"Madzi muzithira mbali ya khomayi," anatero mayiwo osamuyang'ana. "Pobiriwirapo ayi. Pamadutsa mwana wathu popita kuntchito kuchipatala."