Matayala a Matope a Malemu Mekuanint

Amuna a idiri, bungwe lathu la maliro, atamasula zingwe n'kupinda tenti m'mawa wa tsiku lachinayi, galimoto ya malemu Mekuanint inatsala poyera, ili phee pa miyala inayi, yopanda tayala ndi limodzi lomwe. Onyamula mitengo ya tenti aja analephera kudzigwira, anaseka. Mwini wake anagwa ali ndi sipanala m'manja, atangochotsa matayala kuti apake girisi mvula isanayambe, ndipo poti bwalo lake ndi laling'ono, tenti ya maliro anangoikhoma mophimba galimotoyo. Masiku atatu onse anthu analira atatsamira zitseko zake, mbale za tirigu wowiritsa n'kumaziika pa boneti.

"Nayonso yakhuza maliro mokwanira," anatero Asnake, mwana yekhayo wa malemuyo, amene amagwira ntchito ya mu ofesi ku Addis Ababa, n'kutembenukira kwa mayi ake. "Emaye, Loweruka kukubwera munthu wa ku Debre Berhan kudzaigula. Inu simuyendetsa, ine sindikhala kuno. Ikatha kiremti yonse, nyengo ya mvula ija, ili panja pano idzasanduka khola la nkhuku."

Mayi ake, a Tiruwork, anali atakhala pakhomo, atafunda nsalu yakuda. Kwa zaka makumi atatu akhala akuitchula galimotoyo kuti mkazi mnzawo, ndipo tauni yathu yonse ya Mehal Meda inkadziwa zimenezo. Asnake ankayembekezera kuti angoti itengeni lero lomwe.

"Gulitsa," anatero mayiwo. "Koma mkazi mnzanga sachoka pakhomo pano wopanda nsapato zake. Matayala a matope ali kuti?"

Kwathu kuno ku Menz galimoto imakhala ndi matayala amitundu iwiri, osalala a chilimwe ndi a mano akuluakulu a kiremti, nyengo imene mvula, nkhungu ndi chisanu zimagwirizana zotitsekera m'mapiri muno miyezi itatu. Osalala aja anali atatsamira khoma. Enawo Asnake anawasakasaka m'nyumba yosungira balere, m'khola la nkhosa, mpaka kunsi kwa bedi, ndipo anatuluka ali ndi ndodo ya tsache m'manja, kangaude ali m'tsitsi.

"Abedwa! Anthu amabwera ndi misozi, n'kubwerera ndi katundu."

"Tseka pakamwapo, ungatichititse manyazi. Bambo ako sankasunga matayala a matope pakhomo. Bwezera osalalawo, a matopewo mawa tikawatenge."

"Tikawatenge? Emaye, inu ndi namfedwa. Anthu adzati chiyani?"

"Adzati ndatuluka. Ndakhala pa matiresi masiku atatu, msana watheratu. Ansembe akafunsa ndidzawayankha ndekha."

Asnake anachoka kuno ali ndi zaka khumi ndi zinayi kupita kusukulu, ndipo ankabwera pa Pasaka pokha, kunja kukali gwa. Ntchito ya mwezi wa Sene, yokonzekera mvula, anali asanaionepo. Tsiku limenelo anaiona ndi manja. Jeke inamuluma chala, girisi anafika mpaka m'khutu, ndipo mayi ake, amene sanagwirepo sipanala chibadwire, ankamulangiza ali khale pa mpando.

"Manati amangeni modumphanadumphana, bwana, osati mozungulira ngati mukugawa khofi. Oyilo waona? Mphira wa zopukutira galasi wang'ambika uyo, watsopano ali m'chitini cha shuga."

"Zonsezi mwazidziwira kuti?"

"Ukanamva nyimbo imodzi zaka makumi atatu, ukanalephera kuiloweza?"

M'mawa mwake a Tiruwork anakwera kutsogolo, nakhazikika bwinobwino, n'kusisita mpando ndi dzanja. Anati aka kanali koyamba kukhalapo mtunda wautali, chifukwa malemuwo ankati mpando wakutsogolo ndi wa odwala, olimba akwere kumbuyo ndi matumba. Asnake anaseka, kenako anayamba kulimbana ndi giya kuti mayi ake asaone nkhope yake.

Sanayende n'komwe mtunda wokwanira kutenthetsa injini pamene mayiwo anamenya chitseko.

"Ima. Fosholo ili kumbuyoko."

"Kachigwembe aka? Tidutsa bwinobwino."

"Lero tidutsa. Mvula ikagwa masiku awiri kameza ng'ombe. Dzaza miyala."

Anadzaza. Patsogolo pang'ono anadzazanso pena, kenako anagudubuza chimwala chimene chinagwera m'njira, jekete la ku Addis litakolekedwa pa galasi. Pofika kwa Gashe Demisse (Gashe ndi mmene timaitanira bambo wamkulu mwaulemu), mnzawo wa malemuwo wa pa ubwana, malaya anali atamatirira kumsana.

Matayala awiri anali padenga, atapanikiza malata kuti mphepo isawatenge. Gashe Demisse anamukumbatira Asnake, nalira pang'ono, kenako anapukuta maso n'kuloza kumwamba.

"Ukawachotsa, denga langa ligwidwa ndi chiyani? Bambo ako ankakwera okha n'kuikapo miyala. Makwerero ndi awo. Usaponde pakati, ndiwe wonenepa kuposa iwo."

Asnake ali padenga ankamva mayi ake m'nyumba akumwa khofi, ndipo pakati pa nkhani ankamvanso chifuwa cha mkazi wa Gashe Demisse, chouma, chosalekeza. Potuluka a Tiruwork anangoti, "Chifuwa chimenecho ndachimva," ndipo mwini chifuwa anayankha kuti si kanthu, ali bwino, Mulungu alemekezeke.

Tayala lachitatu analipeza kutsidya kwa chitunda, kwa gogo wina amene ankathiramo mchere wa nkhosa, ndipo nkhosazo zinalilondola mpaka pa galimoto zikulira. Kumenekonso kunali khofi, makapu atatu monga mwa mwambo, ndipo kukana kunalibe. Atabwerera pa chiwongolero, mimba ili pwapwapwa, Asnake analephera kupirira.

"Emaye, malo kunyumba alipo ambirimbiri. Bambo ankavutikiranji chonchi?"

"Iwe wakhalitsa m'tauni. Munthu wa ku Menz ukamufunsa kuti kwanu aliko wodwala, akuyankha chiyani?"

"Kuti ali bwino."

"Ngakhale akufa. Ndiye bambo ako sankafunsa. Mvula ikatha ankamwaza matayala m'makomo a kumapeto kwa njira zonse, amvekere kwathu malo achepa. Sene akafika ankapita kukatenga katundu wawo. Wobwera kudzatenga katundu wake sungamubweze pakhomo, umamuphikira khofi. Pofika kapu yachitatu waona kale amene akutsokomola, amene miyendo yatupa, amene ali ndi pakati. Njira nayo waikonza popita. Mvula ikatseka mapiri, ankadziwa kumene adzaitanidwe."

Asnake analiza injini. Anachita manyazi ndi mawu ake a dzulo aja, ndipo anamva nsanje pang'ono kuti anthu a m'mapiri awa ankawadziwa bambo ake kuposa iye.

Nyumba yomaliza inali kutsidya kwa chigwa, pamalo pamene foni siigwira ngakhale utakwera mu mtengo. Tayala linali pakhonde, ndipo pamwamba pake panakhala mtsikana wina dzina lake Wubalem, akusankha mphodza. Atafuna kuimirira kuti alonjere alendo anachita kugwira khoma, pakuti mimba inali itafika pakamwa. Mwamuna wake, Shiferaw, anatulukira kuseri ndi chikwakwa m'manja.

"Pepani za maliro. Tinalephera kufika, mukuona nokha mmene zilili kuno."

"Mwezi uti?" anafunsa a Tiruwork.

"Anamwino akuti Hamle, pakati pake. Akutinso mwana wakhala mopingasa, asaberekere pakhomo."

Hamle ndi mwezi umene ngakhale bulu amakana njira imeneyi. Shiferaw anakanda mutu, nayang'ana mtengo wa bulugamu wosadzidwa nthambi umene unazikidwa pafupi ndi mpanda.

"Gashe Mekuanint anatizikira mtengo uwu. Anati nthawi ikakwana tipachike nsalu yoyera pamwamba, iwo adzaiona ali pakhomo pawo." Anatembenukira kwa Asnake. "Ndiye timati tifunse. Tidzapachikebe?"

A Tiruwork anayamba kukonza mphonje za nsalu yawo ngati nkhaniyo siikuwakhudza. Asnake anayenda mpaka pa mtengo uja n'kuyang'ana kutsidya. Kutali, pakati pa madenga a Mehal Meda, nyumba ya kwawo inkaoneka ngati kambewu ka mphodza. Anaganiza za wogula wa Loweruka, za tebulo lake la ku ofesi, za tchuthi cha zaka ziwiri chimene sanatenge chifukwa ankati kumudzi kulibe chochita.

"Mtengo uwu ndi waufupi," anatero potsiriza. "Bambo anali ndi maso, ine ndimavala magalasi. Bweretsa nkhwangwa, tidule wautali."

"Maso ati?" a Tiruwork anaseka mpaka kugwira nthiti. "Bambo ako maso anatha kalekale, nkhosa ankaiyesa mwala. Nsalu zonsezo ndinkaziona ndine, ndikusesa pabwalo. Iwo ntchito yawo inali kufunafuna chipewa."

Wubalem anaseka atagwira mimba, Shiferaw anaseka, ndipo Asnake anaseka misozi ikutsika osaibisanso. Mtengo wautali anaudulabe. Akuupondera dothi, Asnake anafunsa Shiferaw ngati amadziwa kuyendetsa.

"Ngolo ya hatchi."

"Tiyambira pomwepo. Kiremti ino ndiyendetsa ndine, ya chaka chamawa ndiwe. Koma iyi ukaikwapula siithamanga."

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, mitambo yakuda itaunjikana kale chakummawa. Asnake anaimbira wa ku Debre Berhan uja kuti asavutike ndi ulendo, kenako anavula jekete n'kuyamba kusintha matayala. Manati anawamanga modumphanadumphana popanda womuuza. Tayala lachinayi likulowa, madontho oyamba anayamba kugogoda pa boneti, akuluakulu, ozizira. Anaimika galimoto pafupi ndi khoma, nazimitsa injini, n'kuponya makiyi m'thumba.

"Si choncho," anatero mayi ake ali pakhomo. "Itembenuze, mphuno iloze kuchipata, kotsetsereka. Kukazizira batire imagona. Ukangochotsa mwala kunsi kwa tayala, imatsetsereka n'kulira yokha."

Asnake anaitembenuza, naika mwala. Akulowa m'nyumba, a Tiruwork anatambasula dzanja, iye n'kuwapatsa makiyi, poyesa kuti akufuna kukawasunga. Koma iwo anafunditsa nsalu kumutu, natuluka pa mvula, natsegula chitseko cha galimoto n'kuwabwezera pamalo pake poliza injini.

"Mvula yonse bambo ako sankawachotsa," anatero akutseka chitseko pang'onopang'ono. "Ankati woitanidwa modzidzimutsa asamayambe ndi kusecha m'matumba."