Chinsalu cha pa Sitolo ya Matayala

"Tayang'ana, mwana iwe! M'tauni muno unaonamo chithunzi chonga ichi?"

Bambo Gunderson, eni sitolo ya matayala, anatambasula pansi chinsalu chachikulu chotsatsira malonda. Chinali chokongoladi, tisanamizane. Pachithunzipo Darnelle Whitlock, katswiri wa liwiro wa pa koleji yathu, ankalandira kamtengo kopatsirana pampikisano kuchokera kwa mnzake Kerry-Ann, onse awiri atakukuta mano.

Chilolereni malamulo kuti ophunzira amasewera azilipidwa akatsatsa malonda, Darnelle anali asanapatsidwepo mwayi. Uwu unali woyamba, moti ganyu yotsuka mbale ku kantini anali ataisiya kale. Koma mtsikanayo atamuonetsa chinsalucho, sanaseke.

"Bambo, nanga Kerry-Ann akutani pamenepa?"

"Akuthamanga! Umafuna aziphika? Nayenso ndimupatsa kangachepe, sindine woumira ine."

"Ndiye mwamupha. Ameneyu ndi wa ku Jamaica, ali kuno ndi chitupa chomulola kukhala m'dziko muno ngati wophunzira basi. Lamulo la boma silimulola kutsatsa malonda. Akangomuona pamsewu apa amulanda chitupacho, basi akwera ndege. Chonsecho watsala ndi chaka chimodzi kuti alandire digiri."

"Aaa, a boma angabwere kudzayang'ana nkhope pa sitolo ya matayala? Angakaulule ndani?"

"Makochi a masukulu opikisana nafe amadutsa pano Loweruka lililonse."

Mkuluyo anapukuta thukuta padazi. Sanali munthu woipa ayi, koma liuma lokha anachita kubadwa nalo.

"Bwanji mungomudulapo?" anapempha Darnelle.

"Ndidule chani? Patsala iwe wekha utatambasula dzanja ngati wopemphetsa! Chikwera chonchi. Apo ayi, mgwirizano wathu wathera pano."

Darnelle anachiyang'ana chinsalucho nthawi yaitali. Ankachifuna, abale, ankachifuna zedi. Mayi ake anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo aoneka pamsewu waukulu.

"Uthere pano, bambo. Sindikulolani kugwiritsa ntchito nkhope yanga, ndipo mukachikweza, loya wa koleji akuimbirani."

"Ukutaya mwayi chifukwa cha munthu woti chaka chamawa abwerera kwawo?"

"Abwerere ndi digiri, osati ndi manyazi."

Anakoleka chikwama paphewa n'kutuluka. Ine ndaonapo othamanga ambiri pa koleji ino, ena othamanga kuposa iyeyu, koma mwana ameneyu ndimamugomera. Sanapite patali, foni yake inalira. Anali Kerry-Ann, amene za lamuloli sankaziganizira n'komwe.

"Aise, wachiona? Ndaoneka bwanji?"

Darnelle anapukuta misozi ndi mkono wa juzi.

"Ngati mbuzi yotsamwa. Ndawauza asachikweze, anthu angathawe matayala."

"Wabodza iwe! Nsanje basi!"

"Nsanjedi. Tapita ukawerenge, mayeso ako aja ndi Lolemba."